Magalasi a Amalume Yesaya ndi Kadontho Kofiira

Amalume anga a Yesaya Nakoma anagwira ntchito ku esiteti ya tiyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, koma tiyi sanamwepo ngakhale kapu imodzi. Ndife a Sevenide, ndipo iwo ankawonjezera kuti masamba amenewo anawalera okha, anawateteza ku udzu ndi tizilombo, choncho kuwawiritsa kukanakhala kupanda ulemu. Alendo akafika kunyumba kwawo, kumtunda kwa Masambanjati, ankamwa madzi otentha a mandimu, ndipo asanafike pakati pa kapu ankakhala atasonyezedwa kale magalasi.

Magalasiwo ankakhala pa msomali pabalaza, pamwamba pa kalendala. Sanali owerengera ayi. Anali aja amavala anthu opopera mankhwala m'minda ya tiyi: apulasitiki yoonekera, aakulu kuphimba theka la nkhope, okhala ndi lamba wa mphira wozungulira mutu. Palibe ankaloledwa kuwakhudza. Popukuta fumbi pabalaza tinkawazungulira ngati munthu wogona.

Agogo awo anachokera ku Mozambique wapansi kudzafuna ntchito m'tiyi, ndipo amalume anabadwira m'malaini, nyumba zija za antchito a pa esiteti. Anayamba ndi kupalira, kenako anapatsidwa pampu yobereka kumsana. Diso lawo lakumanzere linali loyera, losaona. Linawonongeka mu Novembala 1994. Tsiku limenelo kunatentha kwambiri, magalasi anachita nthunzi m'kati, ndiye iwo anawakwezera pamphumi kuti aone bwino mzere umene ankapopera. Nthawi yomweyo paipi ya pampu inaphulika, mankhwala n'kuwathira kumaso. Anagona m'chipatala milungu itatu. Diso lakumanja linapulumuka, linzake ayi. Nkhaniyi ankaikamba okha, osadandaula, osaloza munthu chala, ndipo pothera pake ankanena kuti mphumi yawo inatuluka bwinobwino, chifukwa ndi imene inavala magalasi.

Atachira anawakweza kukhala kapitawo wa opopera, ndipo m'pamene anayambitsa mwambo umene a m'malaini akuukambabe. Chaka chilichonse, mvula ikayamba ndipo kwalembedwa anthu atsopano, amalume ankawaimika pamzere. Choyamba ankayesa magalasi. Ankawagwira ngati mbale n'kuthiramo madzi, ndipo akaona dontho pansi pake ankawaika pambali n'kunena liwu limodzi lokha, loti akudontha. Akapeza abwino ankavala, n'kudzaza pampu ndi madzi a pampopi, n'kuuza watsopano kwambiri pagulupo kuti awapopere kumaso. Munthuyo ankazengereza, chifukwa kupopera kapitawo tsiku loyamba ntchito si chinthu chapafupi. Amalume ankamuuza kuti asendere, awonjezere mphamvu, mpaka malaya onse anyowe. Kenako ankavula magalasi pang'onopang'ono n'kuyenda pamzere wonse, kusonyeza aliyense khungu louma lozungulira maso. Amayi othyola tiyi ankatula madengu kuti aonerere. Amalume ankati wopopera sumuuza ndi pakamwa, umamuonetsa pa nkhope yako.

Anapuma ntchito mu 2002, ndipo potsanzika anapempha magalasi awo akale kuti apite nawo kwawo. Kuyambira pamenepo ankawavala powaza nkhuni, pothira feteleza m'chimanga, ndi popalasa njinga m'chiperoni, kamvula kowaza kaja ka nyengo yozizira. Tsiku lina anawavala podula anyezi, n'kuitana akazi awo, azakhali a Vailet, kuti adzaone mwamuna wosalira. Azakhali anayankha ali kuseri kuti adzabwera kudzaona tsiku limene mwamunayo adzadule anyezi kachiwiri.

Ine ndinkakhala nawo chifukwa sekondale yanga inali pafupi ndi kwawo. Mu 2003 ndinali Fomu 3. Amalume ndi amene ankaphunzitsa kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndiye aliyense wa m'nyumba mwawo ankayenera kuimba, kupatula azakhali, amene anakana kalekale nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinasankha alito, mzere wakumbuyo, pafupi ndi khoma, pamene munthu ungathe chaka chathunthu osafunsidwa kanthu. Tinkakumana Lamlungu masana. Amalume ankalemba do, re, mi pa bolodi ndi choko, n'kumaloza ndi kansungwi, ife n'kumatsatira. Tikaimba bwino ankatiyamikira m'Chichewa. Tikaphonya ankalankhula Chilomwe.

Mu Juni mwana wawo Stafford, amene ankagwira ntchito ku Joni, anatumiza katundu kudzera mwa munthu wa ku Kapichi wobwerera kumudzi. Munali bulangete, nsapato za azakhali, ndi kabokosi. M'kabokosimo munali katochi kachitsulo, kotalika ngati chala, kokhala ndi kamphete ka makiyi. Kalata ya Stafford inati dzina lake ndi leza, anthu a m'maofesi amalozera nako pa bolodi, ndiye abambo ataye nsungwi.

Amalume anadina. Tonse tinayang'ana dzanja lawo, ndipo panalibe chinachitika. Iwo anati kafera m'njira. Ndiye azakhali anaona kachilombo kofiira pa chitseko, n'kuvula patapata kuti akaphe. Kachilombo kanathawira kudenga. Anakatsatira ndi patapata mpaka pa kalendala, amalume akuwauza kuti kali uko, kali apa, osazindikira kuti chikukayendetsa ndi dzanja lawo lomwe lolozeralo. Atazindikira anakhala pansi n'kuseka mpaka kutsokomola.

Tsiku limenelo ntchito zonse zinaima. Amalume anatuluka panja n'kuika kadontho pamthunzi wa mtengo wa mapeyala, nkhuku zonse n'kukathamangira, kumajompha dothi, kumaombana mitu. Tambala anakajompha katatu, anabwerera m'mbuyo, n'kukayang'ana chammbali ndi diso limodzi, ndipo amalume anati ameneyu ndi mnzawo, amaona mofanana. Anthu ochokera kumsika anaima pamsewu, madengu ali pamutu. M'kabokosimo munalinso timitu tosinthira: ukaika kena pamatuluka nyenyezi, kena kamtima. Amalume anaika kamtima pa nsalu ya azakhali ali kutsuka mbale. Azakhali anati zaka makumi atatu m'banja, mtima woyamba kuulandira ndi woyendera mabatire.

Lamlungu amalume anakatengera kukwaya. Anatchinga mawindo a mbali ya dzuwa ndi nsalu, anagoneka kansungwi pansi aliyense akuona, n'kubwerera m'mbuyo mapazi khumi kuchoka pa bolodi. Kadontho kanatera pa do. Palibe anaimba. Mabesi anaimirira kuti aone bwino, ndipo mmodzi anapita kukasuzumira kuseri kwa bolodi. Titayamba, panabuka vuto lina. Dzanja la amalume linkanjenjemera pang'ono, kadontho n'kumavina pakati pa mi ndi fa, ndipo asopulano, pofuna kukhala okhulupirika, ankaimba zonse ziwiri. Nyimbo imodzi tinaiyambiranso kasanu ndi kamodzi, nthawi iliyonse wina akuphulika ndi phwete.

Mkulu wampingo anamva, n'kubwera kudzaona ngati chinthucho chinali choyenera m'nyumba yopemphereramo. Anaima pakhomo nkhope ili gwa, manja kumbuyo. Patapita kanthawi anapempha kuti akagwire kuti akafufuze bwino. Anafufuza kudenga, anafufuza pa guwa, anafufuza pa nsapato yawo, ndipo amalume anachita kuwakumbutsa kuti mabatire ake amapezeka ku Limbe kokha. Mlungu wotsatira kwaya inachoka pa anthu makumi awiri kufika makumi anayi, ena mwa iwo osadziwa ngakhale nthawi yotsegula kukamwa.

Pa katochipo panali kapepala kachikasu ka zilembo zing'onozing'ono za Chingerezi. Amalume anakaona patapita milungu iwiri, n'kundiitana kuti wa Fomu 3 awerenge. Ndinawerenga kaye chamumtima, kenako ndinawauza kuti akuti n'koopsa, kuwala kwake kusalowe m'diso chifukwa kungaliwononge. Ndinkayesa achita mantha. Koma nkhope yawo inawala ngati awauza kuti abwerere kuntchito. Anati ndiwerengenso. Kenako anaimirira, anapita pa msomali, anatsitsa magalasi, n'kunena kuti ankadziwa kuti tsiku lina adzafunikanso.

Ku esiteti lamulo linali losavuta: chinthu chikakhala ndi chizindikiro choopsa, vala magalasi. Amalume analiswa kamodzi kokha, ndipo kuyambira pamenepo silinawagwiritsepo mwala. Choncho analengeza kuti wopanda magalasi asalowe m'kwaya. Anazungulira pa njinga m'malaini, kwa anzawo akale, kupempha magalasi otha ntchito, n'kubwera nawo khumi ndi asanu ndi atatu m'thumba la feteleza. Anawatsuka ndi sopo n'kuwayanika pa chingwe cha zovala. Otsalawo anabweretsa zimene anapeza: magalasi akuda a pamsika, owerengera a agogo awo, ndipo tena wina anabwera ndi matako awiri a mabotolo obiriwira, atawamangirira ndi waya.

Tinkaoneka ngati achule apatsidwa mabenchi. Pofika vesi yachiwiri magalasi onse anali atachita nthunzi, ndipo aliyense ankaimba do, re, mi wa m'mutu mwake. Wina akangotembenuka kuyang'ana mnzake, nyimbo inkathera pomwepo. Ine ndinaluma kolala ya bulauzi kuti ndisamveke, misozi n'kumadzadza m'magalasi momwemo, ndipo ndingachitire umboni kuti anga sankadontha.

Mmodzi yekha anakana kuvala: mayi Lestina, sopulano wamkulu, amene anathyola tiyi zaka zambiri ndipo sankaopa kapitawo aliyense, wapantchito kaya wopuma. Anati lamba wa mphira akuwaphwanyira duku, komanso sakuona chimene pulasitiki ingachite ndi moto wa ku Joni. Ena anayamba kuvomereza chapansipansi. Amalume anamwetulira, n'kupinda manja a malaya. Anati Lamlungu likudzalo kwaya ya ku Goliati ikubwera kudzaphunzira nafe nyimbo za msonkhano wa misasa, ndiye pamaso pa onse adzachita zimene ankachita ndi pampu. Adzavala magalasi, munthu adzawaloza katochi m'diso lakumanja, ndipo iwo sadzaphethira mpaka kwaya itatha vesi yathunthu. Anthu anaomba m'manja. Mayi Lestina anati abwera ndi mpando wawowawo.

Ine kuseka kunandithera. Teremu yapitayo tinali titaphunzira za kuwala, ndipo aphunzitsi anati kumadutsa pa chilichonse choonekera: galasi, madzi, pulasitiki. Ndinaganizanso ndekha kuti ngati kadontho ndinkakaona ndili m'magalasi, ndiye kuti kuwala kwake kunkalowamo mpaka kufika m'maso mwanga. Madzi amagunda pulasitiki n'kutsetsereka, kuwala ayi. Sindinkadziwa kuti katochi kakang'ono chonchija kangawononge motani, kapena mwachangu bwanji. Chimene ndinkadziwa n'choti amene anakapanga analemba kuti kasalowe m'diso, ndipo amalume anali ndi diso limodzi lokha loyesera.

Vuto linali kunena kwake. Mwana wamkazi wodya m'nyumba ya amalume ake sawauza kuti alakwitsa, makamaka pa nkhani ya magalasi, imene inawadyera diso. Lolemba ndinaima pakhomo la pabalaza n'kuitana kuti amalume, ndipo atayankha ndinawafunsa ngati akufuna madzi osamba. Lachitatu ndinalemba kakalata n'kukaika m'buku lawo la nyimbo, kenako ndinakachotsa asanabwere kuchokera kudimba. Lachisanu ndinasiya buku langa la sayansi patebulo, litatsegulidwa pa mutu wa kuwala, ndipo iwo anaikapo mbale yotentha kuti tebulo lisapse. Tsiku la Sabata, potuluka m'tchalitchi, amuna ankawagwira chanza n'kumati amwene, mawa tilipo. Amalume ankayankha kuti afike msanga, mabenchi ndi ochepa.

Lamlungu m'mawa anatsikira kudimba kukadula nthochi zoti alendo adzadye. Azakhali anali m'khitchini kusenda chinangwa. Ndinakhala nawo pafupi n'kutenga mpeni wina, ndipo ndinasenda chinangwa chimodzi mpaka chinatsala ngati choko. Azakhali anandilanda mpeni n'kunena kuti ndilankhule chakudya cha alendo chisanathe. Ndinayamba ndi aphunzitsi, ndinasokoneza, ndinabwerera pa madzi ndi pulasitiki. Iwo anamvetsera pang'ono n'kundidula.

"Teleza, za kusukuluzo zisiye. Undionetse."

Analowa kuchipinda n'kutulutsa katochi m'thumba la jekete ya amalume. Ine ndinatsitsa magalasi pa msomali, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Ndinawagwira patsogolo pa khoma la khitchini lakuda ndi mwaye, azakhali n'kudina. Kadontho kanali pakhomapo, kofiira bwinobwino, ngati panalibe chotchinga. Anadinanso. Anawatembenuza, anawapukuta ndi nsalu, anadina kachitatu. Kenako anakhala pa mtondo.

Ndinawapempha kuti tikabise katochiko, kapena awauze amalume akangobwera. Anapukusa mutu. Anati tikabisa lero adzachita mlungu wamawa, ndipo akawauza m'nyumba muno ayankha kuti munthu amene sanaberekepo pampu asaphunzitse kapitawo, n'kupita kukachitabe, mwinanso mavesi awiri. Anati amalume ako samva ndi makutu, amamva pagulu. Anabwezera katochi m'jekete n'kundiuza kuti ndiwasitire duku la kutchalitchi.

Masana tchalitchi chinadzaza ngati pali ukwati. A ku Goliati anatsika pa matola atavala yunifolomu, ndipo atationa m'magalasi, mtsogoleri wawo anafunsa ngati tabwera kudzaimba kapena tikupita kukafula uchi. Mayi Lestina anabweradi ndi mpando. Kunja anthu anakwera pa njerwa, n'kumakankha nsalu za m'mawindo kuti aone. Azakhali anakhala kumbuyo kwenikweni, manja ali pamiyendo.

Amalume anafotokoza za 1994 ndi za mphumi yawo, anthu n'kuseka pamalo pomwe ankaseka nthawi zonse. Anavala magalasi, anakoka lamba, anaima nji pafupi ndi bolodi, n'kufunsa amene angawaloze. Mabesi anayang'anana. Kupopera kapitawo madzi n'kwina, izi zinali zina. Ndiye azakhali anaimirira.

Munthu amene anakana kwaya zaka zonsezi anayenda pakati pa mabenchi, nsapato za ku Joni zikulira, amayi akuimba nthungululu. Wina kumbuyo anati lero akubweza zonse za m'banja. Amalume anawapatsa katochi mwaulemu, ndi manja awiri, n'kukweza dzanja kuti tiyambe vesi.

"Dikirani kaye, bambo a Stafford," anatero azakhali. "Ku esiteti munkangovala, osawayesa?"

Amalume anatsitsa dzanja. Anati ayi ndithu, kapitawo weniweni amayesa kaye, ndipo anathokoza chifukwa chowakumbutsa. Anavula magalasi n'kuitanitsa kapu ya madzi. Azakhali anati lero sitikupopera madzi, tiwayese ndi chimene tikupoperacho. Anawauza kuti awagwire patsogolo pa bolodi. Amalume anawagwira, akumwetulira alendo. Azakhali anadina.

Kadontho kanadutsa n'kukatera pa so wa mzere wachiwiri.

Amalume anakayang'ana. Anayang'ana magalasi. Anaika chikhatho kuseri kwa pulasitiki, kadontho n'kukhala pachikhathopo. Anati mwina awa akalamba, n'kutenga a besi wina, koma zinali chimodzimodzi. Anasanjikiza awiri, kenako atatu. Kadontho kanangochita mbuu pang'ono, koma kanalipo. Ndinaona dzanja lawo likukwera pang'onopang'ono mpaka kukagwira chikope cha diso lakumanja, n'kukhala pamenepo kanthawi.

"Akudontha," anatero.

Anawaika pambali, monga ankachitira kuntchito. Mayi Lestina anati paja ananena iwo. Amalume anavomera kuti ananenadi, ngakhale sankadziwa chimene ankanena, ndipo tchalitchi chonse chinaphulika. Kenako aliyense anafuna kuti ake ayesedwe. Panapangika mzere. Akuda a pamsika: akudontha. Owerengera a agogo: akudontha. Pa matako a mabotolo kadontho kanaoneka ngati kasowa, mwini wake n'kuyamba kuvina, koma amalume anasendera pafupi ndi bolodi n'kukapeza kakubisala. Pofika munthu wachisanu, gulu lonse, ndi a ku Goliati omwe, linkayankha pamodzi kuti akudontha, m'mawu anayi, mabesi akutsirizira pansi. Mtsogoleri wa alendo anati m'tchalitchi muno ndi nyimbo yokhayo imene taimba mogwirizana.

A Winston, owotcherera zitsulo pa Masambanjati, anali atabwera molunjika kuchokera kuntchito. Anatuluka n'kukamasula pa kaliyala ya njinga chigoba chawo chotchingira kumaso, chagalasi lakuda bii. Azakhali anadina, ndipo pa bolodi sipanaoneke kanthu. Anthu anati basi, tapeza. Amalume anachivala, anatembenuka, n'kuyamba kuimbitsa kabati ya mabuku, chifukwa m'menemo simunkaoneka kadontho, bolodi kapena kwaya. A Winston anati alozeni tsopano. Amalume anachivula n'kuwabwezera. Anati chimenechi chinapangidwira moto wa a Winston, monga awo anapangidwira mankhwala, ndipo iwo sadzayesanso chinthu ndi diso lawo chifukwa la sipeya alibe.

Lamulo latsopano linakhazikitsidwa tsiku lomwelo. Amalume anajambula mzere wa choko pansi, kutsogolo kwa mabenchi onse. Wogwira katochi akhala iwo okha, aziima pamzerepo atatipatsa msana, ndipo kadontho kasachoke pa bolodi. Nkhuku nazo zipume. Kwaya ikatha, mabatire azichotsedwa n'kukamangidwa pa mfundo ya nsalu ya azakhali. Magalasi onse anabwerera m'thumba la feteleza, mayi Lestina anakonza duku limene silinaphwanyike n'komwe, ndipo tinaimba bwino kuposa masiku onse, mwina chifukwa tinkaona zolembedwa.

Pobwerera kunyumba amalume ankakankha njinga, ife tili pambuyo. Anafunsa azakhali, osatembenuka, kuti nzeru yoyesera pa bolodi anaitenga kuti. Azakhali anati pansi pa mbale yotentha ya Lachisanu. Kenako amalume anavula jekete n'kundipatsa kuti ndiwanyamulire, katochi kali m'thumba momwemo. Titafika anandipatsanso magalasi kuti ndikawakoleke pa msomali.

Amalume analembera Stafford kumufunsa za magalasi, ndipo iye anayankha patapita miyezi iwiri. Anati magalasi akeake a kuwala kotereku alipo, opangidwira ntchito yomweyo, koma m'mashopu amene iye amawadziwa sanawapeze. Amalume anasunga kalatayo m'buku la nyimbo, ndipo alendo a madzi a mandimu anayamba kuwerengeredwa nayonso. Katochi kanafa kokha chaka chotsatira. Kansungwi kanabwerera, kwaya n'kutsika kufika pa makumi awiri aja.

Kapitawo amene analowa m'malo mwawo amawaitanabe mvula ikayamba. Mu Novembala 2008 ndinapita nawo kukawanyamulira malaya osinthira. Anayesa magalasi ndi madzi, anavala, anauza watsopano kwambiri kuti asendere, ananyowa mpaka m'nsapato. Kenako anayenda pamzere kusonyeza khungu louma, diso lakumanja likuyang'ana aliyense payekha, ndipo anaonera patali lamba wa munthu wachisanu ndi chiwiri kuti wayamba kung'aluka. Pomaliza anakweza magalasiwo n'kuwonjezera mawu amene kale kunalibe.

"Awa ndi a madzi, mankhwala ndi fumbi. Kuwala kumalowa."

Atsopanowo anayang'anana, ena anayang'ana kumwamba. Amalume sanafotokoze. Anavula malaya onyowa, anandipatsa, n'kufunsa ngati madzi a mandimu m'botolo muja akadali otentha.